Maluwa Ovala Majekete

6 Meyi

Okondedwa Bambo,

Moni wochuluka. Ndikhulupirira kuti muli monga momwe ndinakusiyirani, ngakhale kuti momwe ndinakusiyiranimo simunali bwino kwenikweni. Ine ndinafika bwino, koma mpaka lero ndikutulutsabe mchenga wa kwanu m'makutu. Mnzanga wa kuntchito wandifunsa ngati ndinapita kukaona bambo kapena kukakumba chitsime.

Bambo, ndilankhule mosapita m'mbali. Nyumba ija munaimanga pamtunda pomwe mphepo yonse ya dziko lapansi imachitira misonkhano. Ndinayanika siketi pachingwe, ndinakaipeza pa waya wa magetsi. Tiyi ndinkamwa nditavindikira kapu ndi dzanja. Inu mukutsokomola ngati galimoto yakale yokana kulira, ndiye mukuti mukungokonza kukhosi. Chitisiyireni amayi, pakhomo paja palibenso kanthu kobiriwira, ngakhale udzu umene umamera paliponse wakana. Pamalo pokana udzu, munthu wa msinkhu wanu angakhalepo bwanji yekha?

Ndakonza chipinda cha pafupi ndi khitchini. Makina anu osokera akwana bwinobwino pawindo. Chaka chino chisanathe ndibwera ndi lole kudzakutengani. Ndikulemba kalata chifukwa ndikaimba foni ndimangomva fuuu, inu n'kumati "eya, eya" pa zinthu zimene simunamve.

Mundiyankhe msanga, ndipo za chifuwacho mundiuze zoona zokhazokha.

Ine mwana wanu wachisamba


19 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino, chifuwa chili bwino, makina ali bwino. Kalata yako ndaiwerenga nditaipanikiza ndi simbi kuti isauluke.

Za lole uiwale. Nyumba ino ndinaimanga ndi singano, njerwa iliyonse ndi thalauzi la munthu. Pakhonde pano m'pamene amayi ako ankakhala n'kumandinena kuti mipendero yanga ndi yokhota. Kutauni ndikasokera ndani? Anthu a kumeneko amagula mathalauzi ong'ambika kale m'maondo, mwadala, ndipo ukawasokera amakwiya.

Koma wandinyoza ndi nkhani ya udzu, ndiye tipangane chonchi. Ndibzala maluwa kutsogolo kwa nyumba, mabedi atatu. Ukadzabwera ndi lole yakoyo n'kupeza maluwa amoyo pakhomo panga, lole idzabwerere yopanda kanthu ndipo nkhani imeneyi idzathere pomwepo. Ukadzapeza atafa, ndidzakwera ndekha, kumbuyo, pamodzi ndi makina, osadandaula.

Mabedi ndayeza kale ndi tepi, ndalemba pansi ndi choko. Chokocho chauluka, koma miyezo ili m'mutu. Unditumizire mbande za maluwa okhalitsa, aja obzala kamodzi n'kumangophukira okha chaka ndi chaka. Sindikufuna aja okongola mwezi umodzi ngati suti yobwereka. Uikemonso ulusi wakuda, wa kuno ukuduka ukangouyang'ana.

Azakhali ako akupereka moni. Akuti ndapenga, koma ananena atakhala pampando wanga, akumwa tiyi wanga.

Bambo ako


2 Juni

Okondedwa Bambo,

Moni. Pangano ndalivomera, poti ndikudziwa kuti ndapambana kale. Dalaivala wa basi ya m'mawa akupatsani makatoni awiri. Muli lavenda, alovera, ndi timaluwa tina tachikasu toyanga pansi tomwe dzina lake landivuta. Mulinso mtolo wa udzu wa vetiva.

Mayi wogulitsa mbande wandiuza izi, ndipo chonde muzitsate monga momwe mumafunira kuti makasitomala azitsata zanu. Muyambe mwabzala vetivayo mothithikana kumbali kumene mphepo imachokera, kuti adzakhale mpanda. Mabedi mukumbe mozama, muthire manyowa, mukabzala muphimbire ndi udzu wouma n'kutsendereza ndi timiyala. Kuthirira kukhale kwa apo ndi apo koma kokhutitsa, kuti mizu izilowa pansi kufunafuna madzi. Akuti zomera zimenezi zikamagwedezeka ndi mphepo m'pamene zimalimba, ndiye musazimvere chisoni.

Ndibwerezenso: musazimvere chisoni. Ndimakudziwani. Munasokera galu wathu malaya amvula.

Ulusi uli m'katoni yaing'ono. Mankhwala a chifuwa ndawaika pamwamba pa ulusiwo, kuti musadzanene kuti simunawaone.

Ine mwana wanu wachisamba


20 Juni

Mwana wanga,

Moni. Katundu wafika. Dalaivala akuti basi yake ikununkhira ngati sopo wa kuhotela, moti anthu ayamba kukwera mwaulemu.

Ndakumba, ndathira manyowa, ndabzala. Msana ukudandaula koma sindikuuyankha. Udzu uja sindinabzale. Unandinyoza ndi udzu, lero ukunditumiziranso udzu? Ndawapatsa Aphunzitsi, mayi amasiye aja opuma pantchito okhala kumunsi kwa mpanda wathu. Aulandira, n'kundiuza kuti ndizichotsa mapini kukamwa ndikamalankhula ndi anthu.

Tsono tamva nzeru za bambo ako. Nditatuluka m'mawa ndinapeza timbande tija tikunjenjemera, tikuwerama uku ndi uku ngati tikupepesa mlandu. Mtima unandipweteka. Mayi wogulitsa mbande uja amadziwa kugulitsa, koma ine ndakhala ndikuteteza anthu ku mphepo moyo wanga wonse. Munthu akamva mphepo sabzala udzu, amavala jekete. Ndiye ndatsitsa thumba la zigamba, ndasokera duwa lililonse jekete yake, ya kolala, yomanga ndi lastiki m'chiuno kuti isavuke. Lavenda ndi wamtali wowonda, thupi labwino losavuta kusokera. Alovera ndi wonenepa komanso amabaya poyeza, ngati kasitomala wina amene sindimutchula chifukwa ndi mlongo wanga.

Anthu odutsa pamsewu akumaima n'kupereka moni ku mabedi. Dzulo wina anavula chipewa.

Umuuze mwini lole asavutike kuthira mafuta.

Bambo ako


30 Julayi

Okondedwa Bambo,

Moni. Mwakhala chete kwambiri, ndipo inu mukakhala chete ndiye kuti pena pake pang'ambika. Ndaimba foni, yayankha mphepo, ndipo mphepoyo imamveka yokondwa. Kodi muli bwino? Mankhwala mukumwa? Majekete aja munawavula, monga ndinakupemphani m'kalata ija simunayankhe? Ndikufuna ndione maluwawo ndi maso anga, ngakhale pachithunzi.

Ine mwana wanu wachisamba


11 Ogasiti

Mwana wanga,

Moni. Ndachedwa kuyankha chifukwa cha ntchito. Yandigwera oda yaikulu, ya kasitomala wovuta wosakhulupirira anthu.

Maluwa ali bwino kwambiri. Amasula onse nthawi imodzi, ndipo safota, dzuwa liwale bwanji. Madzi sakuwafunanso n'komwe. Tizilombo tikumabwera, tikanunkhiza n'kubwerera tokha. Ndaika chithunzi chomwe wajambula wojambula wa pamsika. Ndinamuuza kuti aimire patali kuti nyumba ioneke yonse. Usachiyang'anitsitse kwambiri, ungawononge maso.

Unditumizire waya wofewa, ndi nsalu yobiriwira ngati ungaipeze. Usafunse.

Bambo ako


25 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Moni. Chithunzi ndachilandira, ndipo poyamba ndinalira, chifukwa pakhomo panaoneka ngati nthawi ya amayi. Ndinathamanga nacho kwa mayi wogulitsa mbande kuti anyadire nane. Anavala magalasi, anawavula, anawapukuta, anawavalanso. Akuti chiyambire kugulitsa maluwa sanaonepo lavenda wamadonthomadontho, kapena duwa lokhala ndi batani pakati. Ine nditayang'anitsitsa ndazindikira katani ya kuchipinda kwanga pa bedi lapakati, ndipo la kumapeto lija ndi yunifolomu yanga ya kwaya.

Bambo, maluwa enieni ali kuti? Poti inu simunena, ndawalembera azakhali. Waya sinditumiza.

Ine mwana wanu wachisamba


7 Seputembala

Mwana wa achimwene,

Moni, moni. Ine ndilipo, miyendo yokha ndiyo yatsala pang'ono kundisiya. Ana ali bwanji? Iyayi, ndaiwala, ulibe. Tidzakambirana zimenezo.

Wafunsa wekha, ine si wamiseche. Tsiku limenelo ndinali pakhonde pa bambo ako ndikudikira kuti andisokere zipi. Inabwera mphepo ija yochotsa nkhuku pamazira. Majekete aja anayamba kufufuma, kufufuma, ngati anthu okhuta paphwando. Kenaka wa kolala yofiira anadzuka, mizu ndi dothi lomwe, n'kuuluka. Anzake ataona kuti mtsogoleri wapita, anatsatira onse pamzere. Bambo ako ankathamanga pambuyo, tepi ili m'khosi, akukuwa kuti, "Bwererani! Bwererani inu!" ngati maluwa ali ndi makutu. Alovera yekha ndiye anayesa kukana chifukwa cha thupi, koma naye anagubuduka mpaka anadutsa pachibowo cha mpanda. Onse anakatera pakhomo pa Aphunzitsi, kuseri kwa khoma lawo, kumene mphepo imafika itatopa. Ine ndinaseka mpaka zipi ina inaphulika.

Tsono nkhani ili apa. Mayi amenewa sanabweze ngakhale tsamba limodzi, anabzala zonse kwawo. Ndipo chiyambire tsiku limenelo bambo ako m'mawa uliwonse amapesa tsitsi, lotsala lija, n'kunyamula kheni kupita kumeneko. Amati akukathirira. Kuthirira kwanji kovala tayi? Dzana ndinawaona atasenza thumba la manyowa paphewa akuimba mluzu. Munthu wamkulu ndithu, kuimbira manyowa mluzu! Masana amabwerera kudzasoka maluwa abodza aja n'kumawabaya m'mabedi, ndipo mbuzi ya oyandikana nawo inadya limodzi, mpaka lero imaoneka yoganiza.

Ine ndikuona kuti mayiwa ayamba ndi maluwa, abwera ku makina, amalizira nyumba. Safunsa anadya phula, ndakuuza. Bwera msanga. Ubweretse mafuta opaka miyendo aja, ndi nsapato zilizonse zomwe sukuvala, ngakhale zomwe ukuvala.

Azakhali ako


15 Seputembala

Kwa Aphunzitsi,

Moni. Ine ndine mwana wa atelala a kumtunda kwa mpanda wanu. Ndamva kuti mbande zomwe ndinagulira bambo anga zili pakhomo panu, ndipo ndikupempha kuti muzibweze kwa eni ake. Bambo ndi munthu wodwala chifuwa, komanso wa mtima wosavuta kuunyengerera. Chaka chino chisanathe akubwera kudzakhala ndi ine, choncho amene akuwerengera makina kapena nyumba asataye nthawi yake.

Ine mwana wawo


26 Seputembala

Mwanawe,

Moni. Kalata yako ndailandira. Ndi yaifupi, yaukhondo, koma yopanda ulemu kumapeto. Ndakukhululukira chifukwa walemba ndi mantha, ndipo mwana woopera bambo ake sindimukalipira.

Mbande sindibweza pano. Kuzizula nyengo ino ya dzuwa n'kuzipha, ndipo zinazulidwa kale kamodzi popanda kufunsidwa. Ndinazivula majekete, ndinadula nsonga zothyoka, ndinazibzala mozama kuseri kwa khoma n'kuziphimbira. Zochepa zinafa. Zina zonse zagwira, ndipo lavenda wayamba kununkhira. Udzu wa vetiva uja ndinausunga pachinyontho pafupi ndi mpopi, wachulukana, moti bambo ako ndawayambitsa kuubzala kumtunda kwa mabedi awo. Amaubzala akung'ung'udza, koma mzere wake ndi wowongoka. Mvula ikayamba tidzagawa zitsinde za maluwa, theka lidzabwerera kwawo, kuseri kwa mpanda wa udzuwo.

Tsopano nkhani inayo. Ine ndakhala wamasiye nthawi yaitali, ndipo amuna ndawaona a mitundu yonse, obwera ndi ndakatulo, obwera ndi njala. Koma mwamuna wotumiza maluwa atawaveka majekete osita bwino, ndi mizu yomwe kuti akhalitse, ndinali ndisanamuonepo. Ndinaona kuti ndi munthu wamanyazi, wosatha kunena ndi pakamwa. M'mawa mwake atafika pageti akupotokola chipewa m'manja, n'kuyamba kuti, "Mayi, za maluwa aja," ndinawadula mawu. Ndinati, "Ndamva, bambo. Ndiganizira." Patapita masabata angapo ndinawauza kuti ndalola. Anakhala pansi, pa thumba la manyowa.

Nyumba yawo sindikuifuna. Ndili ndi yanga, ndipo yanga ili ndi khoma. Makina ndingatani nawo ine popanda mwini wake? Chifuwa chija chachepa chifukwa ndimawamwetsa mankhwala n'kuwayang'ana mpaka ameze. Botolo ndinalipeza losatsegula, akupanikizira nsalu.

Ukabwera udzafike kuno, tidzaonane maso ndi maso.

Aphunzitsi


9 Okutobala

Mwana wanga,

Moni. Ndamva kuti makalata akudutsana pamwamba pa mutu wanga, ine osadziwa. Azakhali ako zipi zawo adzasoka okha.

Inde, a m'mabedi mwanga ndi ansalu. Ndi okongola, ndipo pa kasokedwe kake sindipepesa munthu. Koma pangano ndi pangano. Ndinati udzapeza maluwa amoyo pakhomo panga, ndipo pakhomo panga pali katani yako ndi waya. Ndaluza. Makina ndawathira mafuta, ndawakulunga m'bulangeti. Bwera ndi lole yako.

Za Aphunzitsi ndikuuze ndekha. Ine sindinafunsire munthu, inafunsira ndi mphepo. Ndinapita kukatenga mbande zanga basi. Koma mayi amenewa akayamba kulankhula umangozindikira wakweza dzanja kupempha mpata, ndipo mpatawo subwera. Ndinati ndiwafotokozera mawa. Mawa lake anandipatsa tiyi wopanda mchenga. Mkuja wake anagwira malaya anga n'kunena kuti mpendero wake ndi wokhota. Mwana wanga, chimwalirireni amayi ako palibe anandinenapo zimenezo, aliyense amangondiyamikira ngati wodwala. Ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha, kheni ndinaiiwala komweko.

Pano sindikufunanso kufotokoza kanthu. Zamphepozi usawauze, ndakugwira mwendo. Akadziwa kuti sindinatumize ndine, ndidzasowa poika nkhope.

Sindikufuna kuchoka, ndikunena poyera. Ndikaganiza zoti mvula idzagwa ine ndili pawindo la kukhitchini kwako, wina n'kumagawa zitsinde zija yekha, chakudya sichikulowa. Koma telala akadula nsalu sabweza lumo, ndipo mawu anga sindibweza.

Bambo ako


3 Novembala

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndafika bwino. Mwini lole sakundilankhula, akuti chiyambire ntchito yake sanapiteko kutali chonchi kukangomwa tiyi.

Ndinanyamuka musanabwere kothirira, ndiye ndilembe zomwe ndinalephera kunena. Nditafika ndinakupezani mutakhala pafupi ndi makina okulungidwa, mutavala suti, chipewa mutachigwira ndi manja awiri ngati mwana wodikira jakisoni. Ndinali wokonzeka kukukwezani. Kenaka Aphunzitsi anaitana kuseri kwa mpanda kuti mwaiwala kuphimbira bedi la kumapeto, ndipo munadzambatuka n'kuthamanga, inu amene mumati maondo anatha. Ndinakutsatirani. Ndinakuonani mutagwada m'dothi ndi suti yomwe, mukukangana nawo za kuchuluka kwa madzi, mukuluza mkanganowo, nkhope ili ngwee. Simunatsokomole ngakhale kamodzi.

Pangano mwaluza ndithu, koma wopambana ali ndi ufulu wokana mphoto. Makina muwamasule.

Zamphepo zija Aphunzitsi sindinawauze, komanso sizinafunike. Tikutsuka makapu anandinong'oneza kuti, "Ukuganiza kuti sindidziwa kumene mphepo ya kuno imalowera? Zipewa za bambo ako zonse zimatera kwa ine. Ndinangoona kuti ndikadikira iwo tikalamba tonse. Usawauze." Ndiye nanunso musawauze kuti ndakuuzani. Nonse awiri mukundisenzetsa katundu.

Bambo, pali chinthu china chovuta kuchilemba. Ndinkati mukukhala nokha, mukusowa wolankhula naye. Nditatsegula chitseko kuno, nyumba ili zii, popanda wondifunsa kuti wayenda bwanji, ndinazindikira kuti wosowa munthuyo ndine. Ndinkakufunani kuno chifukwa cha ine, osati chifukwa cha chifuwa chanu. Ndakhala pansi ndi chikwama m'manja, ndalira pang'ono, kenaka ndakumbukira mbuzi yoganiza ija ndipo ndaseka.

Mvula ikagwa n'kugawa zitsinde, mundipatulireko chimodzi cha lavenda. Musampatse dalaivala. Mubwere nacho nokha, mudzandibzalire mumphika, mudzakhale sabata imodzi mukunditopetsa ndi nkhani. Tikiti yobwerera ndidzagula ndine, ndipo ndidzakuonetsani musanavule nsapato. Kalata yokupempherani chilolezo kwa Aphunzitsi ndalemba kale, yaulemu mpaka kumapeto.

Ine mwana wanu wachisamba